Kuyerekeza Makoleji a ku America: Mtengo, Ngongole, Kuvuta Kolowa ndi Zomwe Omaliza Amapeza

Makoleji awiri akhoza kupereka digiri ya dzina limodzi, mwana wina n'kutuluka wopanda ngongole, mnzake n'kutuluka ndi ngongole yoti adzaibweza mpaka ana ake atayamba sukulu. Ku America kuli makoleji ndi mayunivesite pafupifupi 4,000 opereka madigiri, ndipo pa webusaiti ya iliyonse mupezapo kapinga wobiriwira, nyumba zakale zokongola ndi ophunzira akumwetulira. Zithunzizo sizikuuzani kanthu. Zomwe zimathandiza ndi ziwerengero, ndipo mwayi wake ndi woti makoleji olandira ndalama za boma amakakamizidwa ndi lamulo kuzitulutsa. Ntchito yanu ndi kudziwa kozipeza komanso kudziwa pamene zikusocheretsa.

Funso loti lizikutsogolerani ndi ili: kuti digiri ifike m'manja, banja lanu litulutsa ndalama zingati, nanga amene anaphunzira zomwezo pamalo omwewo zinthu zikuwayendera bwanji? Kutchuka kwa dzina ndi kuvuta kolowa zibwere pambuyo. Ambiri amayambira kumeneko, n'kudzadzidzimuka kalata ya ngongole itafika.

Choyamba: konzani tebulo, chotsani osadalirika

Tengani pepala lalikulu, kapena tsegulani Excel kaya Google Sheets. Mayina a makoleji alembeni motsika, asapitirire 8 kapena 10, chifukwa akachuluka mudzatopa n'kuyamba kulemba zongoganizira. Mopingasa ikani mitu iyi: mtengo wonse wa chaka, ndalama zongopatsidwa, zotsala zoti mulipire, kuchuluka kwa amene amamaliza, ngongole ya omaliza, malipiro a omaliza pa maphunziro amene mukufunawo, ndipo kumapeto kwenikweni kuchuluka kwa amene amatengedwa.

Musanalembe nambala ngakhale imodzi, onani ngati kolejiyo ndi yovomerezeka. Boma lalikulu la America siliyendera makoleji lokha, limasiyira ntchitoyo mabungwe amene linawavomereza. Mndandanda wa makoleji ovomerezeka uli pa webusaiti ya Unduna wa Zamaphunziro komanso ya CHEA, bungwe loona za kuvomerezeka kwa makoleji. Koleji yomwe mulibe ifufuteni pomwepo. Koma kuvomerezeka pakokha si chitetezo chokwanira. Masukulu a Corinthian Colleges anatsekedwa mu 2015, a ITT Technical Institute mu 2016, ophunzira masauzande ambiri n'kutsala m'malere, ndipo onsewa anali ndi zikalata zovomerezeka. Anali makoleji a bizinesi, otsegulidwa kuti eni ake azipeza phindu. Choncho lembaninso pambali pa dzina lililonse ngati ndi koleji ya boma, yoima payokha yosafuna phindu, kapena ya bizinesi. Za bizinesizi muziunike kawiri.

Ziwerengero zambiri muzitenga malo atatu. College Scorecard ndi webusaiti ya Unduna wa Zamaphunziro, yomwe kuyambira 2015 imaonetsa mtengo, ngongole ndi malipiro a amene anaphunzira pa koleji iliyonse. College Navigator nayonso ndi ya boma, yosakongola koma yodzaza ndi tsatanetsatane. Chachitatu ndi Common Data Set, fomu yomwe makoleji ambiri amadzaza chaka ndi chaka n'kuiika pa webusaiti yawo, kawirikawiri pakona posaonekera. Lembani dzina la koleji pamodzi ndi mawu oti Common Data Set pa Google, muipeza.

Chachiwiri: mtengo wolengezedwa si mtengo wolipira

Malinga ndi bungwe la College Board, m'chaka cha maphunziro cha 2024–25 fizi yapakati pa yunivesite ya boma ya zaka zinayi inali $11,610 kwa wokhala m'chigawo chomwecho, $30,780 kwa wochokera kunja kwa chigawocho, ndi $43,350 pa makoleji oima paokha osafuna phindu. Pa makoleji a boma a zaka ziwiri, a community college aja, inali $4,050. Iyi ndi fizi yokha. Onjezeranipo malo ogona, chakudya, mabuku, inshuwalansi ya zaumoyo ndi maulendo kuti mupeze mtengo wonse, umene iwo amautcha cost of attendance. Pa makoleji ena otchuka mtengo wonsewu unadutsa $90,000 pachaka.

Nambala ngati imeneyi imathawitsa anthu, koma ndi ochepa amene amalipira yonse. Makoleji oima paokha amakweza mtengo wolengeza kenako n'kuchotsera ophunzira ambiri, moti mukawatenga onse pamodzi, kuchotserako kumapitirira theka la fizi ya ophunzira atsopano. Ndiye kuti koleji yooneka yodula kwambiri ikhoza kukhala yotsika mtengo kwa mwana wa banja losauka kuposa yunivesite ya boma ya kwawo. Princeton inasiya kuika ngongole m'thandizo lomwe imapereka mu 2001, ndipo makoleji ena olemera anatsatira. Komanso pali makoleji ambiri odula omwe alibe chuma choterocho, amene amachotsera pang'ono n'kusiya zotsalazo pamutu pa banja.

Nambala yoti muisake ndi net price, kutanthauza mtengo wonse mutachotsapo ndalama zongopatsidwa zomwe simudzabweza. College Navigator imaionetsa mogawa malinga ndi zomwe banja limapeza pachaka, kuyambira osapitirira $30,000 mpaka opitirira $110,000. Musatenge nambala ya onse pamodzi, tengani ya gulu lanu. Kenako pitani pa webusaiti ya kolejiyo musake net price calculator. Lamulo la 2008 linalamula kuti koleji iliyonse yolandira ndalama za boma ikhale nayo, ndipo pofika 2011 inayenera kukhala itaikidwa. Mumalowetsamo zomwe makolo amapeza, katundu wawo ndi kukula kwa banja, iyo n'kukupatsani chiyerekezo. Lowetsani nambala zoona, komanso zofanana pa koleji iliyonse. Ikangokufunsani mafunso atatu okha n'kutulutsa yankho, musaikhulupirire kwambiri. Yofunsa zambiri ndiyo imayandikira choona.

Ngati si inu nzika ya America kapena wokhalamo mwachilolezo chokhazikika, zambiri mwa nambalazi sizikunena za inu. Fomu yopemphera thandizo la boma ya FAFSA, thandizo la boma losabweza la Pell Grant lomwe mu 2024–25 linkafika $7,395, ndi ngongole za boma lalikulu sizipatsidwa kwa ophunzira ochokera kunja. Pa yunivesite ya boma mudzalipira mtengo wa akunja kwa chigawo, mwinanso kuposa. Inu tsegulani Common Data Set pa gawo H6. Pamenepo pamalembedwa chiwerengero cha ophunzira akunja amene anapatsidwa thandizo la kolejiyo, ndi ndalama zomwe aliyense analandira mongoyerekeza. Mukapeza kuti ndi anthu asanu okha, kapena gawolo n'lopanda kanthu, mwadziwa kale yankho. Makoleji amene amasankha ophunzira akunja osayang'ana thumba lawo, n'kuwapatsanso thandizo lonse lomwe akufunikira, ndi owerengeka: Harvard, Yale, Princeton, MIT, Amherst ndi ena ochepa. Kwina konse kupempha thandizo lalikulu kukhoza kuchepetsa mwayi wotengedwa.

Chachitatu: ng'ambani kalata ya thandizo m'zigawo zitatu

Mukatengedwa, koleji imatumiza kalata yofotokoza thandizo la ndalama. Pano ndi pamene mabanja ambiri amapusitsidwira. Makalatawa safanana kalembedwe, ndipo ofesi ya boma yofufuza kagwiritsidwe ntchito ka ndalama, ya GAO, inapeza mu 2022 kuti makoleji 91 pa 100 alionse sanalembe net price m'makalata awo kapena anailemba yochepa kuposa yeniyeni. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Mzere uliwonse wa m'kalatamo uikeni m'gulu limodzi mwa atatu: ndalama zongopatsidwa, ngongole, ndi ndalama zogwirira ntchito. Zoyambazo zokha ndi zomwe zimatsitsa mtengo. Ngongole ndi ndalama zanu zam'tsogolo. Zogwirira ntchito, za work-study zija, simuziona mpaka mutapeza ntchito pasukulupo n'kugwira maola ake, ndipo zimabwera pang'onopang'ono ngati malipiro, fizi italipidwa kale.

Tiyerekeze ndi makoleji awiri ongopeka. Koleji A mtengo wake wonse ndi $78,000. Kalata yake yalemba sikolashipu ya $52,000, ngongole ya boma ya $5,500, work-study ya $2,500, ndipo pansi yalemba mwa zilembo zazikulu kuti zotsala ndi $18,000. Koleji B mtengo wake wonse ndi $29,000, yapereka $9,000 zongopatsa, zotsala $20,000. Pongoyang'ana, A yaoneka yotsika ndi $2,000. Chotsanimo ngongole ndi work-study muone: A ndi $26,000, B ndi $20,000. Pa zaka zinayi A ndi $104,000, B ndi $80,000. Nambala ziwirizi muzisunge, tibwereranso kwa izo.

Pali mafunso oti mufunse ofesi ya zachuma, ndipo muwafunse polemba kuti yankho likhale ndi umboni. Kodi sikolashipuyi ndi ya chaka chimodzi kapena zaka zonse zinayi? Ikufuna magiredi otani kuti ipitirire, ndipo ndi angati amene amailuza chaka choyamba chikatha? Fizi ikakwera, iyo imakwera nayo? Fizi imakwera pafupifupi chaka chilichonse, ndiye sikolashipu yoima pamodzi imachepa mphamvu chaka ndi chaka. Nanga mukapeza thandizo lina kuchokera ku bungwe lakunja, koleji idzachepetsa ngongole yanu kapena idzachepetsa ndalama zake zomwe inakupatsani? Ena amachita chachiwirichi, thukuta lanu lonse n'kupindulira sukulu.

Onaninso ngati kalatayo yawerengera zonse. Ina imangolemba fizi ndi malo ogona, kusiya mabuku, inshuwalansi ndi tikiti ya ndege.

Chachinayi: ndi angati amene amamaliza, ndipo pa zaka zingati

Nambala iyi anthu amailumpha, pamene ndi imene imasintha masamu onse. Digiri yoyamba imati ndi ya zaka zinayi, koma boma powerengera omaliza limapereka zaka 6. Ngakhale apo, mwa amene amayamba digiri yoyamba pa makoleji a zaka zinayi, ndi 6 okha mwa 10 alionse, kapena kuposerapo pang'ono, amene amamaliza pa koleji yomwe anayambira. Makoleji ena amamalizitsa oposa 90 pa 100, ena sakwanitsa ngakhale 30.

Pa College Navigator sakani nambala ziwiri: omaliza pa zaka 4 ndi omaliza pa zaka 6. Zikatalikirana kwambiri, ndiye kuti pamalopo chaka chachisanu n'chozolowereka, mwina chifukwa makalasi ofunika amadzaza, mwina chifukwa ophunzira ambiri amagwira ntchito uku akuphunzira. Bwererani ku Koleji B ija. Ngati mwana atenga zaka zisanu, ndipo thandizo la $9,000 lija limathera pa chaka chachinayi, ndalama zonse zikhala $80,000 kuphatikiza $29,000, zomwe ndi $109,000. Yapitirira A, osawerengera malipiro a chaka chathunthu omwe akanalandira akanakhala atayamba ntchito.

Onaninso kuchuluka kwa ophunzira a chaka choyamba amene amabwereranso chaka chachiwiri, komwe mu Common Data Set kuli pa B22. Ngati mmodzi mwa atatu alionse sabwerera, pali chomwe chikuwathamangitsa.

Posachita chilungamo, nambalazi zikhoza kunyozetsa koleji yabwino. Sukulu yomwe imatenga ana okhoza kale a mabanja olemera imamalizitsa ambiri mosavuta, pamene yotenga aliyense imaoneka yolephera ngakhale ikuyesetsa. Njira yake ndi kuyerekeza makoleji otenga ophunzira ofanana, komanso kuyang'ana omaliza mwa amene amalandira Pell Grant, omwe ambiri ndi a mabanja osauka. Koleji yomwe ana osauka amamaliza mofanana ndi anzawo ikuchita ntchito yeniyeni. Chifukwa chake nkhaniyi ndi yaikulu n'choti amene amavutika kwambiri kubweza ngongole si omwe anakongola zambiri, koma omwe anakongola n'kusiyira sukulu panjira. Ngongole ali nayo, pepala alibe.

Chachisanu: ngongole, ya mwana ndi ya makolo

Boma lalikulu limaika malire pa zomwe wophunzira wodalira makolo angakongole: $5,500 chaka choyamba, $6,500 chachiwiri, $7,500 chachitatu ndi zaka zotsatira, zonse pamodzi zosapitirira $31,000. Wokongola mpaka pamalire zaka zinayi amatuluka ndi $27,000. Chiwongoladzanja cha ngongole zotengedwa mu 2024–25 chinali 6.53 peresenti. Pa mlingo umenewu, kubweza $27,000 pa zaka 10 ndi pafupifupi $307 mwezi uliwonse, ndipo pomaliza mwabweza pafupifupi $36,800. Apa sitinawerengere chiwongoladzanja chomwe chimaunjikana mwana ali pasukulu. Pa ngongole yotchedwa subsidized boma limamulipirira chiwongoladzanjacho pa nthawi ya sukulu, pa unsubsidized chimayamba kuwerengedwa tsiku lomwe ndalama zatuluka. Kubweza kumayamba patatha miyezi 6 chichokereni pasukulu, kaya wamaliza kaya ayi.

Malirewa ali ndi zotsatira zomwe ambiri saziona. Ngongole yomwe College Scorecard imaonetsa ndi ya boma yokha yotengedwa ndi wophunzira, ndiye makoleji ambiri amaoneka ofanana, kuzungulira $20,000 mpaka $27,000. Kusiyana kwenikweni kumabisala kwina. Ngati zotsala pa Koleji A ndi $26,000 pachaka, mwana n'kungololedwa $5,500, ndalama zinazo zichokera kuti? Zichokera m'thumba la makolo, kapena ku ngongole ya makolo ya Parent PLUS yomwe mu 2024–25 chiwongoladzanja chake chinali 9.08 peresenti, kapena ku banki. Sakani pa Scorecard nambala ya Parent PLUS padera. Ndiponso tsegulani Common Data Set pa H5, pomwe pamalembedwa ngongole za omaliza kuphatikizapo za kumabanki. Koleji yomwe omaliza ake ambiri ali ndi ngongole za kubanki ikukuuzani kuti thandizo lake silikwanira.

Ngongole za kubanki ndi zouma mtima. Ya boma ili ndi njira zochepetsera zobweza pamwezi malinga ndi zomwe munthu akupeza. Ya kubanki kawirikawiri ilibe. Imafunanso munthu wina wosainira nawo, ndipo mwana akalephera, banki imagwira wosainirayo. Kwa wophunzira wakunja, mabanki ambiri amafuna kuti wosainirayo akhale nzika kapena wokhazikika ku America. Komanso ngongole ya maphunziro ndi yovuta kwambiri kuifafaniza kukhoti ngakhale munthu atalengezedwa kuti wagwa pa chuma.

Alangizi ambiri amapereka muyeso wosavuta: ngongole yonse isapitirire malipiro omwe mukuyembekeza kulandira chaka choyamba cha ntchito. Ine ndimauona kuti ndi denga, osati cholinga. Ndipo powerengera muphatikize ya makolo, chifukwa m'mabanja ambiri amagwirizana pakamwa kuti mwana ndiye adzabweze.

Nambala imodzi musaidalire pakadali pano: ya olephera kubweza. Boma linaimitsa kubweza ngongole zake kuyambira March 2020 mpaka chakumapeto kwa 2023, ndiye pa zaka zimenezo pafupifupi koleji iliyonse imaoneka ngati ilibe wolephera.

Chachisanu ndi chimodzi: omaliza akupeza chiyani

Malipiro omwe ali pa College Scorecard amachokera ku zikalata za msonkho, osati ku zonena za koleji, ndipo n'chifukwa chake ndi odalirika kuposa timabuku totsatsa malonda. Nambala yake ndi yapakatikati: theka la anthu amalandira zoposa pamenepo, theka zochepera. Koma imangowerengera amene analandira thandizo kapena ngongole ya boma lalikulu. Ana a olemera amene analipira okha mulibe, akunja mulibenso.

Nambala ya koleji yonse, yomwe ndi ya zaka 10 chiyambireni sukulu, musaiike pa tebulo lanu. Sukulu yomwe ambiri amaphunzira uinjiniya ndi zamakompyuta idzaoneka pamwamba nthawi zonse, yophunzitsa aphunzitsi ndi oimba idzaoneka pansi, ndipo zimenezo sizikunena kanthu za kaphunzitsidwe. Kuyambira 2019 Scorecard imaonetsa malipiro ndi ngongole pa phunziro lililonse payekha. Ngati mwana akufuna unamwino, yerekezani unamwino wa pano ndi unamwino wa apo. Nthawi zambiri mupeza kuti kusiyana kwa maphunziro awiri pa koleji imodzi n'kwakukulu kuposa kusiyana kwa makoleji awiri pa phunziro limodzi. Pa maphunziro okhala ndi anthu ochepa nambala imabisidwa poteteza chinsinsi chawo, ndiye kusowa kwake si chizindikiro choipa.

Kumbukirani malo. Omaliza ambiri amagwira ntchito kufupi ndi komwe anaphunzira, ndipo malipiro a ku San Francisco kapena New York ndi okwera chifukwa lendi ndi yokweranso. Kumbukiraninso kuti maphunziro ena, monga a sayansi ya zamoyo kwa ofuna udokotala, amaoneka a malipiro otsika zaka zoyamba chifukwa ambiri amapitiriza sukulu.

Makoleji nawonso amatulutsa malipoti awoawo, oti mwina 95 pa 100 alionse anapeza ntchito kapena anapitiriza maphunziro pasanathe miyezi 6. Funsani kuti anadziwa za anthu angati. Ngati anayankha ndi 40 okha pa 100, ndipo amene zikuwayendera ndiwo amakonda kuyankha, 95 ija ndi mphepo. Nambala imeneyi amaitcha knowledge rate, ndipo koleji yoona mtima imailemba. Funsaninso ngati wogulitsa khofi maola ochepa pa sabata akuwerengedwa kuti ali pantchito. Pa maphunziro ofuna laisensi, monga unamwino, uphunzitsi ndi kuwerengera ndalama, funsani kuti ndi angati amene amakhoza mayeso a laisensi ulendo woyamba.

Wophunzira wakunja ali ndi funso lina. Visa ya ophunzira ya F-1 imalola kugwira ntchito pasukulu maola osapitirira 20 pa sabata nthawi ya maphunziro, ndipo akamaliza amaloledwa miyezi 12 ya ntchito kudzera mu chilolezo chotchedwa OPT, kuwonjezerapo miyezi 24 ngati digiri yake ili m'gulu la STEM, la sayansi, tekinoloje, uinjiniya ndi masamu. Kupitirira apo palibe chotsimikizika. Kukongola madola poganiza kuti mudzawabweza ndi malipiro a ku America kwa zaka 10 ndi juga.

Chachisanu ndi chiwiri: kuvuta kolowa, tsopano

Harvard inatenga ochepera 4 pa 100 alionse mwa ofunsira malo mu 2024. Nambala ngati imeneyi ndi imene imamveka m'manyuzi, koma ndi ya makoleji ochepa kwambiri. Bungwe la Pew Research Center litaunika makoleji 1,364 a zaka zinayi, linapeza kuti mu 2017 ndi 17 okha amene anatenga ochepera 10 pa 100, pamene oposa theka anatenga awiri mwa atatu alionse kapena kuposa.

Nambalayi ndi kugawa chabe: otengedwa kugawa ndi ofunsira. Koleji ikachotsa ndalama yofunsira malo, n'kutumiza makalata okopa kwa ana omwe ikudziwa kuti siidzawatenga, ofunsira amachuluka, nambala imatsika, m'kalasi simunasinthe kanthu. Imayeza kuchuluka kwa ogogoda pachitseko, siyeza zomwe zikuchitika m'nyumbamo. Ngakhale magazini ya U.S. News inaichotsa pa kawerengedwe kake ka masanjidwe a makoleji mu 2018. Masanjidwewonso musawagwadire. Mu 2022 pulofesa wa masamu pa Columbia, Michael Thaddeus, anaonetsa kuti ziwerengero zina zomwe yunivesite yakeyo inkapereka sizinali zolondola, yunivesiteyo inavomereza, ndipo inatsika kuchoka pa nambala 2 kufika pa 18.

Nanga kulowa koleji yovuta kumasintha moyo? Akatswiri a zachuma Stacy Dale ndi Alan Krueger anafufuza funsoli mu 2002, n'kubwerezanso patapita zaka pafupifupi khumi. Anayerekeza ana omwe anafunsira kapena kutengedwa ku makoleji ofanana, koma wina n'kupita kovuta kulowa, wina kosavuta. Kwa ambiri, malipiro awo m'tsogolo sanasiyane kwenikweni. Mwanayo ndiye ananyamula luso lake. Koma panali gulu lomwe linapindula moonekeratu: ana a mabanja osauka, akuda ndi a Chihispaniki (a mabanja ochokera kumaiko olankhula Chisipanishi), ndi amene makolo awo sanapite patali ndi sukulu. Kafukufuku wa Raj Chetty, David Deming ndi John Friedman wa 2023 anawonjezera kuti makoleji a pamwamba penipeni amakweza mwayi wofika pa malipiro ndi maudindo apamwamba kwambiri. Ndiye kwa mwana wosauka yemwe watengedwa ku koleji yotere, n'kupatsidwanso thandizo lonse, yankho n'losavuta: apite. Kwa banja loti likongole $100,000 chifukwa cha dzina la koleji yomwe ili pakatikati pa mndandanda, ine sindikuona chifukwa.

Ntchito yeniyeni ya nambala yolowerayi ndi kukuthandizani kusanja mndandanda wanu. Mu Common Data Set, gawo C1 likupatsani ofunsira, otengedwa ndi amene anabweradi. C7 ikuuzani zomwe kolejiyo imaziona kuti n'zofunika posankha. C9 ikuonetsa magiredi a mayeso olowera koleji a SAT ndi ACT a theka lapakati la amene anabweradi. Mwana akakhala pamwamba pa gulu limeneli, mwayi wotengedwa ndi waukulu, ndipo n'kumenenso sikolashipu za okhoza bwino zimapezeka, chifukwa kolejiyo ikumufuna. Koleji iliyonse yotenga ochepera 20 pa 100 iwerengeni kuti ndi yongoyesa mwayi, kaya mwana ndi wanzeru chotani. Pa mndandanda pakhale koleji imodzi kapena ziwiri zomwe mukutsimikiza kuti atengedwa komanso mungathe kulipira popanda chozizwitsa. Yotsimikiza kulowa koma yosatheka kulipira sikupulumutsani.

Chenjerani ndi Early Decision. Mumafunsira msanga n'kulonjeza kuti mukatengedwa mupita. Mwayi wotengedwa umaoneka wokwera, koma mumataya mphamvu yoyala makalata angapo patebulo n'kuwayerekeza. Early Action ilibe lonjezo lotero.

Chomaliza: werengerani, pemphani, kenako lipirani

Makalata onse akafika, pa koleji iliyonse chulukitsani net price ndi zaka zomwe ophunzira ambiri amatenga pamalopo, muwonjezere kena kake ka kukwera kwa fizi. Chotsanipo zomwe banja lingatulutse popanda kukongola. Zotsalazo ndiyo ngongole yanu yeniyeni. Ikani pambali pa malipiro a omaliza a phunziro lomwelo. Pomwe ngongole yaposa malipiro a chaka, jambulani mzere wofiira. Makoleji otsalawo ndi amene mungakambirane za nyengo, kukula kwa makalasi, mtunda ndi zokonda za mwana.

Musanataye koleji yomwe mwaikonda, lemberani ofesi ya zachuma kupempha kuti aunikenso. N'zololedwa ndipo zimachitika chaka chilichonse. Fotokozani zomwe zasintha, monga kutha kwa ntchito ya kholo kapena ndalama zakuchipatala, ikani zikalata zake, ndipo ngati koleji ina yofanana nayo yapereka zambiri, tumizani kalatayo. Tchulani ndalama zenizeni zomwe zikusowa kuti mwana abwere. Makoleji ambiri amafuna yankho ndi dipoziti pofika pa 1 May, ndipo dipozitiyo kawirikawiri sibwezedwa, choncho pempho lanu lipite sabata yomwe kalata yafika. Wophunzira wakunja akonzeretu umboni wa kubanki wa ndalama za chaka choyamba, chifukwa popanda umenewo koleji situlutsa fomu ya I-20 yofunsira visa.